Kusaka mawu a Fender, Vox ndi Marshall ndi EQ: pamene ndafika

Ntchito imene ndili nayo ndi yotenga mawu a gitala yamagetsi amene ndajambula molunjika mu kompyuta, osadzera mu ampulifaya, n'kuwaumba ndi EQ (chida chokweza kapena kutsitsa besi, mid ndi treble) mpaka afanane ndi a maampulifaya atatu akale: Fender Twin Reverb ya m'zaka za m'ma 1960, Vox AC30, ndi Marshall Super Lead ya mawati 100. Mapulogalamu otsanzira maampulifaya amenewa alipo ambirimbiri, ena aulere, koma ndawaika pambali mwadala. Chimene ndikufuna kudziwa n'chakuti, khutu likamva gitala n'kunena kuti "iyi ndi Fender", kodi likugwira chiyani kwenikweni? Ndi mbali iti imene ili chabe kukwera ndi kutsika kwa besi, mid ndi treble, ndipo ndi iti imene EQ singaifikire ngakhale mutachezera nayo usiku wonse?

Zida zanga ndi zochepa: gitala ya mapickup (timaginito totola mawu a nsambo) atatu a mtundu wa single-coil, audio interface yaing'ono (kabokosi kolowetsera gitala mu kompyuta), laputopu, pulogalamu yojambulira mawu ya REAPER ndi EQ yake yotchedwa ReaEQ, Voxengo SPAN yoonera mmene mawu agawikira, ndi Tone Stack Calculator ya Duncan Munro, kapulogalamu kakale kamene kamajambula mzere wosonyeza zimene zopotokola za ampulifaya zikuchita ku mawu. Pali ndi pedal ya EQ ya Boss GE-7 imene achimwene ena a mu bandi yathu andibwereka.

Kumayambiriro kwa Meyi

Ndajambula zidutswa zimene ndizigwiritsa ntchito mpaka kumapeto: makodi otseguka, kalidi ka m'munsi mwa khosi la gitala monga timaimbira rumba, ndi ma power chord (makodi a noti ziwiri otchuka mu rock). Kujambula kamodzi n'kofunika, chifukwa ukamaimba mwatsopano nthawi iliyonse zala zimasintha ndipo sudziwa ngati wasintha ndi iwe kapena EQ.

Gitala ndailowetsa pa bowo la audio interface lotchedwa Hi-Z, kutanthauza la impedance (kulimbana ndi kuyenda kwa magetsi) yokwera. Maampulifaya a ma valve (timababu tagalasi tokweza mawu) amalandira gitala pa impedance ya 1 megaohm, ndipo pickup imafuna zimenezo kuti treble yake ituluke yonse. Mukailowetsa pa line input wamba, amene nthawi zambiri amakhala cha m'ma 10 kilohm, mawu amafika atafota kale, ndiye EQ imayamba ndi ntchito yodzutsa chakufa. Kung'ung'uza kwa magetsi kulinso pompo: kuno magetsi athu ndi a 50 Hz, ndiye single-coil imatola 50, 100 ndi 150 Hz. Ndangotembenuka ndi gitala mpaka kung'ung'uzako kutachepa, n'kuchotsa chaja ya laputopu pojambula.

EQ yoyamba siinakhudze ampulifaya konse. Ndinayamba ndi sipika. Nsambo yaikulu ya gitala, E ya pansi, imalira pa 82 Hz, ndipo pansi pake palibe nyimbo, ndiye ndaika high-pass (filter yodula mawu a pansi) pa 80 Hz. Kumwamba ndi kumene kuli nkhani. Sipika ya gitala ya mainchesi 12 ilibe tweeter (kasipika ka treble), ndipo ikadutsa cha m'ma 5 kHz imagwa msangamsanga. Ndaika low-pass (filter yodula mawu a kumwamba) pa 5 kHz, yotsetsereka 24 dB pa octave, kenaka kaphiri ka 3 dB pa 2.5 kHz ndi kena kakang'ono pa 110 Hz kuimira bokosi. Pamenepa pokha mawu aja a "waya mu kompyuta", ouma ndi olasa m'makutu, anasanduka gitala ya m'chipinda. Ndinganene mosakayika kuti theka la ntchito yonse latheka ndi high-pass ndi low-pass zimenezi. Anthu timakangana za ma valve, koma pepala la sipika ndi limene likuumba mawu kwambiri.

Pakati pa Meyi: Fender

Twin Reverb imene ndikutsata ndi ya nkhope yakuda (pamene pali zopotokola m'pakuda), imene inatuluka ku Fullerton, California, mu 1963, Leo Fender asanagulitse kampani yake ku CBS mu 1965. Ili ndi ma valve anayi a 6L6, mawati 85, masipika awiri a mainchesi 12, ndipo kumbuyo n'kotseguka. Inapangidwa kuti ikwere kwambiri koma mawu akhalebe oyera, osasasa. Pa chifukwa chimenechi ndi imene EQ ili nayo mwayi waukulu.

Chinsinsi chake chili mu tone stack, kagulu ka ma resistor ndi ma capacitor kamene kali kuseri kwa Treble, Middle ndi Bass. Kaguluka kalibe mphamvu yowonjezera chilichonse, kamangochotsa. Mu Fender ya nkhope yakuda muli capacitor ya 250 pF ya treble, ya 0.1 µF ya besi, ya 0.047 µF ya mid, ndi slope resistor ya 100k. Manambala amenewa mukawaika mu Tone Stack Calculator, zopotokola zonse zili pakati, mzere sukhala wowongoka ayi. Pamatuluka dzenje lakuya, loposa 10 dB, cha pakati pa 400 ndi 500 Hz, besi ndi treble zili m'mwamba mbali zonse. Ndiye woimba amene waika zonse pa 5 n'kumaganiza kuti ampulifaya "sikuchita kanthu" akudzinamiza. Kuti mzere uyandikire kuwongoka, pamafunika mid ikwere mpaka kumapeto, besi ndi treble zitsike pafupifupi mpaka pansi. Deluxe Reverb, mng'ono wake wa mawati 22, alibe n'chopotokola cha mid chomwe: pamalopo pali resistor ya 6.8k yosasintha, dzenje n'lokhazikika.

Ndatsanzira dzenjeli ndi bell imodzi yotakata (filter yopanga kaphiri kapena dzenje pamalo amodzi): 450 Hz, Q (muyeso wa kupapatiza kwake) ya 0.7, ndi kutsitsa 8 dB. Ndinayesa 12 dB monga mzere ukuonetsera, koma gitala inachita kuonda n'kubisala kuseri kwa besi ndi ng'oma. Ndikuona kuti 8 dB ikukwana chifukwa zojambulidwa zimene ndikufanizira zinadutsa mu maikolofoni yoikidwa pafupi ndi sipika, imene imabwezera mnofu pang'ono. Pamwamba ndaika high shelf ya 4 dB, yokweza mawu onse kuyambira 2.5 kHz kupita kumwamba, kuimira Bright switch. Switch imeneyo ndi capacitor ya 120 pF yolambalala volume, n'chifukwa chake imamveka kwambiri volume ikakhala pansi ndipo imazimirira mukamakweza. Pansi ndaika low shelf ya 2 dB pa 120 Hz, osapitirira, popeza bokosi lotseguka kumbuyo silisunga besi yakuya.

Zotsatira zandikhutiritsa. Pa pickup ya kukhosi, makodi akumveka ozungulira pansi, owala pamwamba, pakati pali mpata woti woimba mawu alowepo. Ndawonjezera spring reverb pang'ono, ngakhale si EQ, chifukwa khutu linazolowera kumva Twin ndi kunyowa kumeneko, ndipo popanda iko munthu amakana ngakhale zina zonse zili m'malo. Kwa oimba rumba kapena sungura, amene amafuna noti iliyonse ya lidi imveke payokha, apa mpomwe pali phindu la msanga.

Kumapeto kwa Meyi: Vox

AC30 ndi ya ku Dartford, ku Kent, ntchito ya Dick Denney pa kampani ya Tom Jennings, ndipo inayamba kuoneka cha m'ma 1959. Ma valve ake ndi anayi a EL84, masipika otchuka ndi Celestion a alnico opakidwa buluu. Gawo la Top Boost, lokhala ndi Treble ndi Bass, linabwera mu 1961 ngati chowonjezera chomangirira kumbuyo. The Shadows ndi The Beatles ndi amene anaitchukitsa.

Apa ntchito yavutirapo. Top Boost nayo ili ndi dzenje, koma lili pamwambako kusiyana ndi la Fender, ndipo limasuntha mukapotokola Bass chifukwa zopotokola ziwirizo zimakokerana. Capacitor yake ya treble ndi yaing'ono kwambiri, cha m'ma 50 pF, ndiye imangolola nsonga zenizeni za mawu kudutsa. Kenaka pali chopotokola chotchedwa Cut, chimene chili kutsogolo pafupi ndi ma EL84 ndipo chimayenda chobwerera: mukachikweza, treble imatsika. Oimba ambiri amakweza Treble kwambiri n'kuzizira ukali wake ndi Cut. Mu EQ zimenezi zikutanthauza kaphiri kokwera kenaka kugwa msanga, osati shelf yopita mpaka kumwamba.

Chinthu china chimene chandithandiza kumvetsa Vox n'chakuti AC30 ilibe negative feedback. Fender ndi Marshall zimatenga kachigawo ka mawu otuluka n'kukabwezera m'mbuyo, zimene zimagwira sipika kuti isadzichitire zofuna zake. Vox siigwira. Ndiye pamene impedance ya sipika yakwera, pansi penipeni pamene pepala limanjenjemera mwachibadwa komanso kumtunda ku treble, mawu nawo amakwera. Ndi mbali ina ya kuwala kuja kumene anthu amakukonda.

Manambala amene ndaima nawo pakali pano ndi awa. High-pass ndaikweza kufika 100 Hz. Pa 250 Hz ndatsitsa 2 dB. Pa 800 Hz ndatsitsa 3 dB yokha, mopapatiza. Pa 1.8 kHz ndakweza 3 dB, ndipo pa 4 kHz ndakweza 5 dB ndi Q ya 1.2. Low-pass ndaisunthira ku 6 kHz. Pa pickup ya kumbuyo, makodi otseguka akulira ngati belu, ndipo mtundu wake ukuzindikirika.

Koma sindinganene kuti yafika. AC30 siikhala yoyera kwenikweni. Ngakhale volume ili pakatikati, mukamenya nsambo mwamphamvu mawu amayamba kusasa pang'ono m'mphepete, mukamenya mofatsa amayeranso. EQ yanga ikupereka mtundu womwewo kaya ndamenya kapena ndasisita. Zala zikulankhula, iyo siikuyankha.

Juni: Marshall, ndi khoma limene ndagunda

Mbiri ya Marshall ndi yosangalatsa kwa munthu wochita ntchito ngati yanga, chifukwa ikusonyeza kuti zinthu zazing'ono zimasintha mawu kwambiri. JTM45 ya 1962, imene Jim Marshall, Ken Bran ndi Dudley Craven anapanga ku Hanwell, ku London, inali pafupifupi chithunzi cha Fender Bassman 5F6-A ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Bassman inali ndi masipika anayi a Jensen a mainchesi 10 mu bokosi lotseguka. A Marshall anaika anayi a Celestion a mainchesi 12 mu bokosi lotsekeka. Pamenepo pokha zinasiyana kale. Super Lead ya mawati 100 inabwera mu 1965, oimba ngati Pete Townshend akufuna phokoso loposa. Nambala yake ndi 1959, koma si chaka ayi, ndi nambala ya model. Pambuyo pake anasamukira ku ma valve a EL34, ndipo tone stack inasintha: slope resistor ya 33k, capacitor ya treble cha m'ma 500 pF, ena awiri a 0.022 µF. Mu calculator, dzenje lake ndi losaya ndipo lili cha m'ma 700 Hz, komanso kaguluka sikataya mphamvu yochuluka ngati ka Fender.

Ndatsanzira mzere umenewo ndendende, n'kuwonjezera phiri pa 100 Hz la bokosi lotsekeka ndi lina pa 2 kHz. Chimene chatuluka ndi gitala yoyera ya mid yambiri. Si Marshall, ndipo palibe amene angaisokoneze ndi Marshall.

Chifukwa chake n'chomveka. Super Lead ilibe master volume. Mawu amene timaidziwa nawo amabwera ikakwezedwa mpaka ma valve atalephera kutsatira, n'kumadula nsonga za mafunde. Kudulako kumabala mawu atsopano amene mu gitala munalibe. EQ ili ngati sefa ya ufa: imalekanitsa zimene mwathiramo, koma siingakutulutsireni gaga amene simunathire. Nsambo ya A pa 110 Hz ili ndi ana ake pa 220, 330, 440 ndi kupitirira, koma akumwambawo ndi ofooka ndipo amafa msanga. Distortion, kusasa kumeneku, imawabala mwatsopano nthawi yonse imene noti ikulira. Komanso noti ziwiri zikalowa limodzi, imabala zina za kuphatikiza ndi kuchotsera: power chord ya A ndi E, 110 ndi 165 Hz, imatulutsa 55 Hz, octave yathunthu pansi pa A. Kulemera kuja kwa power chord kumachokera pamenepo. Mu SPAN zikuoneka ndi maso: pa gitala yoyera pa 55 Hz palibe kanthu koti EQ ikweze.

Ndiye ndafewetsa lamulo langa logwiritsa ntchito EQ yokha. Ndalola clipper imodzi wamba, yopanda mtundu wakewake, yongodula nsonga mofewa. EQ ndaigawa pawiri, ina kutsogolo kwa clipper, ina kumbuyo. Apa ndi pamene ntchito yonseyi yandiphunzitsa chinthu chachikulu: malo a EQ amaposa manambala ake.

EQ ya kutsogolo imasankha chimene chisase. Besi ikalowa yonse mu clipper, ndi imene imayamba kudulidwa popeza ndi yamphamvu, ndipo zotsatira zake ndi matope, noti sizimveka malire. Akatswiri a Marshall anachita zomwezi ndi zitsulo: pa channel yowala ya Super Lead, capacitor ya pa cathode ya valve yoyamba ndi 0.68 µF, pamene Fender amaika 25 µF. Yaing'onoyo imachititsa kuti valve ikweze mid ndi treble kuposa besi. Ndiyenso ntchito imene Dallas Rangemaster inkagwira m'zaka za m'ma 1960, ndi imene Ibanez Tube Screamer imagwira ndi linunda lake la pa 720 Hz. Brian May naye amaika treble booster patsogolo pa AC30 zake pa chifukwa chomwechi. Ine ndaika low shelf yotsitsa 9 dB kuyambira 300 Hz kupita pansi, ndi bell yokweza 5 dB pa 900 Hz. Payokha imamveka yoipa, yopyapyala ngati wailesi ya m'thumba. Ikalowa mu clipper imagwira bwino.

EQ ya kumbuyo imabwezera thupi ndi kuchotsa zonyansa. Ndabwezera 5 dB pa 110 Hz, ndatsitsa 3 dB pa 700 Hz, ndakweza 3 dB pa 2.2 kHz, ndipo low-pass ndaitsitsa kufika 4.8 kHz, yotsetsereka kwambiri. Low-pass imeneyi ikachoka, clipper imalira ngati njuchi mu chitini. Palibe gitala ya distortion imene imamveka bwino popanda sipika kapena choimira sipika.

Kuti nditsimikize, ndasinthanitsa EQ ziwirizo, ya kutsogolo kupita kumbuyo, manambala osasintha. Pa gitala yoyera kusinthanitsako sikusintha kanthu ngakhale pang'ono, chifukwa mafilter otsatizana amangophatikizana. Clipper ili pakati, zatuluka gitala ziwiri zosiyana kotheratu. Izi zikufotokozanso chifukwa chimene Twin ndi Super Lead zimachitira mosiyana zikakwezedwa: mu Fender ya nkhope yakuda tone stack ili koyambirira, itangodutsa gawo loyamba la valve, pamene mu Marshall ili kumapeto kwa preamp, mawu atayamba kale kusasa.

Kumayambiriro kwa Julayi: kuyesa ndi makutu a ena

Poyerekeza, ndikuonetsetsa kuti zonse zili pa mlingo umodzi wa phokoso. Fletcher ndi Munson anasonyeza mu 1933 kuti khutu limamva besi ndi treble mochuluka phokoso likakwera, ndiye chokwera pang'ono chimangomveka "chabwino" ngakhale si chabwino. Khutu limamvanso kwambiri pakati pa 2 ndi 5 kHz, ndipo limazolowera msanga: ukakhala nthawi yaitali pa mahedifoni umangowonjezera treble osazindikira. Ndimapuma, n'kubwerera m'mawa.

Achimwene aja a GE-7 ndinawamvetsera zidutswa osawauza kuti chiti n'chiti. Ya Fender anaitchula ndisanamalize kuiimba. Ya Marshall anati, "Iyi ndi rock, koma ikuchita ngati yaphwa mpweya." Ya Vox anakhala chete kenaka anati ndi Fender imene wina waikweza treble. Sindinawatsutse, chifukwa ndi zimene ndikumva nanenso.

Tinayesanso kusamutsa ntchitoyi ku GE-7 pa kaampulifaya ka transistor kamene timaphunzirira. Pedal imeneyi ili ndi ma slider asanu ndi awiri, pa 100, 200, 400, 800 Hz, 1.6, 3.2 ndi 6.4 kHz, lililonse 15 dB kukwera kapena kutsika. Ya Fender inatheka mosavuta: 400 pansi kwambiri, 800 pansi pang'ono, 3.2k m'mwamba, 6.4k pakati. Choyenera kukumbukira n'chakuti kaampulifayako kali ndi dzenje lakelake, ndiye poyamba tinakweza mid yake n'kutsitsa besi ndi treble, apo ayi maenje awiri amaphatikizana gitala n'kusowa mu bandi. Ma slider akakwera kwambiri phokoso la "sss" limakweranso, ndiye kuli bwino kutsitsa zimene simukufuna kusiyana ndi kukweza zimene mukufuna. Ya Vox pa pedal siinatheke bwino, popeza 4 kHz imene ndikufuna ili pakati pa ma slider awiri.

Zimene zatsala

"Kuphwa mpweya" kumene achimwene anatchula ndikukhulupirira kuti ndi nkhani ya nthawi, osati ya mtundu wa mawu. Ampulifaya ya ma valve ikamenyedwa mwamphamvu, magetsi ake amatsika kwa kamphindi n'kubwereranso, ndiye noti imayamba yopanikizika kenaka imatukuka. Mu AC30 ndi Deluxe Reverb zimenezi zimamveka kwambiri chifukwa rectifier yake, gawo losandutsa magetsi a pakhoma kukhala oyenera ampulifaya, ndi valve ya GZ34. Twin Reverb ili ndi ma diode, n'chifukwa chake ndi yolimba ndipo EQ yaitsanzira mosavuta. Sabata ikubwerayi ndiika compressor (chida chopanikiza mawu akakwera) yofatsa kutsogolo kwa clipper, ya attack yofulumira ndi release cha m'ma 100 ms, ndimve ngati ingapereke kupumako. Ya Vox ndiipatsa clipper yofooka kwambiri, yoti izigwira pokhapokha ndamenya mwamphamvu.

Ndikufunanso kufanizira mafilter anga a sipika ndi impulse response (chojambula cha mmene sipika imaumbira mawu) ya bokosi lenileni la Celestion Greenback lojambulidwa ndi maikolofoni ya Shure SM57. Impulse response nayo siibala mawu atsopano. Kwenikweni ndi EQ ya timapiri ndi timaenje tambirimbiri, ndiye siikuphwanya lamulo langa. Ndiiyendetsa ndi pink noise (phokoso loyesera lokhala ndi besi, mid ndi treble zonse) mu SPAN kuti ndione timaenje topapatiza ta pakati pa 1 ndi 4 kHz, n'kuyesa ngati mabell atatu kapena anayi angakwane kutitsanzira. Zikatheka, wotsatira pa mndandanda ndi Roland JC-120 ya 1975, ya transistor, yoyera mpaka kumapeto, imene mwina idzafuna chorus (chochititsa gitala imodzi kumveka ngati zingapo) kuposa EQ.